Chaka Chimene Atate Anachoka ndi Adokowe

Ndikatseka maso ndimalionabe dambo la kwathu m'mawa wotsatira mvula yoyamba, nthunzi ikufuka m'nthaka yomwe inapsa ndi moto wa lupsa, fungo la dothi lonyowa litadzaza paliponse. Pakati pa msipu wongophuka kumene pali mbalame zakuda zambirimbiri, za miyendo yaitali ndi mimba zoyera, zikuyenda pang'onopang'ono mitu ili pansi ngati anthu ofunafuna singano yotayika. Dzulo lake panalibe ngakhale imodzi. Sizinkalira, sizinkachita phokoso pofika. Munthu unkangodzuka n'kupeza zatera kale, ngati kuti dzanja lina lazifesa kuchokera kumwamba. Atate ankazitcha adokowe, ndipo m'mudzi wathu wonse, kumwera kwa Sinda, panalibe munthu amene ankaziyembekezera kuposa iwo.

Atate ankagawa mbalame pawiri: eni mudzi ndi alendo. Njiwa, mpheta, pumbwa ndi nkhwali ankati ndi eni mudzi, chifukwa chilimwe ndi dzinja lomwe zimakhala nafe, zimadya nafe, njala ikabwera zimavutika nafe. Koma kabawi anali mlendo. Ankafika dzuwa likayamba kuwotcha, ndipo tinkadziwa kuti wafika tikamva amayi akukuwa pabwalo, akuthamangira anapiye ndi lichero. Kenako anamzeze ankadzaza mlengalenga madzulo, akuuluka motsika pamwamba pa khola la ng'ombe. Otsiriza anali adokowe, amene ankabwera ndi mvula yeniyeni. Akuluakulu ankati wopha dokowe amathamangitsa mvula, motero ngakhale anyamata opulupudza, amene legeni yawo sinkasiya kambalame kalikonse, akafika padambo ankaika legeni m'thumba. Atate sankadzala chimanga asanawaone. Mvula ikanama mu Okutobala anzawo n'kuthamangira kumunda ndi mbewu, iwo ankangopukusa mutu n'kunena kuti Mulungu anaika nyengo mumtima mwa mbalame za m'mlengalenga, ndipo izo sizisokoneza tsiku lake lofika; osokoneza ndife anthu.

Chimene sindinkachidziwa ndili mwana n'chakuti atate nawonso anali mlendo. Kwawo kunali kumbali ya Vubwi, kufupi ndi malire, ndipo kwathu anabwera pa chikamwini, monga mwambo wathu unalili: mwamuna amasiya kwawo n'kukamanga kwa mkazi. Nyumba yathu anaumba njerwa zake ndi iwo. Chitseko anasema okha. Mitengo ya mango ya pabwalo anadzala ndi iwo, munda wa kumtunda anazula zitsa ndi iwo, ndipo Lamulungu abusa akakhala ku mpingo wina, amene ankaima kutsogolo m'kachalichi kathu kuwerenga Mawu anali iwo. Komabe anthu akamawatchula sankati a Mbewe chabe. Ankati a Mbewe, mkamwini wa kwa a Layisoni. A Layisoni anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Ine ndinkaganiza kuti limenelo ndi dzina chabe.

Amayi anamwalira m'chilimwe, kutentha kuli pachimake, pobereka mwana amene anapita nawo limodzi. Ndinali msungwana wosatha msinkhu, ndipo mlongo wanga Dalitso anali akali wokwera pamsana. Maliro atatha, tonse titameta, mvula inagwa, adokowe anatera padambo monga mwa nthawi zonse, ngati kuti palibe chimene chachitika. Tsiku lina ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndinamva amalume ndi atate akulankhula pansi pa mango.

“Alamu, mwambo mukuudziwa,” anatero amalume. “Sitikukuthamangitsani ayi. Koma inu mukali ndi mphamvu zanu, mawa mudzafuna mkazi. Ndiye mkazi wachilendo adzalowe m'nyumba ya mlongo wanga?”

“Sindikufuna mkazi, alamu. Ndikufuna ana anga. Ngati pano sindingakhale, ndiloleni ndipite nawo.”

“Iyayi, zimenezo ndiye ayi. Ana ndi mbumba yanga. Akapita kumalire uko, munda wa mayi wawo adzaupezanso? Kumeneko adzakhala a yani? Limani munda wanu, alamu. Chimanga chikakhwima tidzakusudzulani bwinobwino, mupite ndi ulemu wanu.”

Mawu akuti kusudzula ndinali nditawamvapo, ndipo ndinkadziwa kuti ndiko kumasula wamasiye kuti abwerere kwawo. Mbale inandipulumuka n'kugwera m'matope. M'mawa mwake tili kumunda, atate akukumba mapando ine ndikuponya mbewu, ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti adzapita liti. Anaima, natsamira khasu, nayang'ana kudambo. “Ukuwaona alendo anzanga awo?” anatero. “Akali pano, inenso ndili pano.” Ndikhulupirira kuti ankangofuna kunditonthoza ndi chinthu chimene maso anga akanatha kuchiona. Koma kuyambira tsiku limenelo moyo wanga wonse unamangiriridwa ku miyendo ya mbalame zija.

Dzinja limenelo linali labwino, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Inswa zinatuluka zambiri, anzanga akuthamanga ndi mabeseni kuchulu, m'mudzi monse mukununkhira mafuta a inswa zokazinga. Bowa anamera m'thengo mpaka tinatopa naye. Mango anapsa n'kumagwa okha, ntchentche zikuimba pansi pake. Atsikana anzanga ankajambula phada pabwalo mvula ikakata, akundiitana, koma ine mtima unali kwina. Potunga madzi ndinasiya njira yachidule n'kumadzera ya kudambo, ndowa ili pamutu, kuti ndione ngati adokowe alipo. Akazi a amalume ankandikalipira ndikafika: “Iwe, madziwa ukumakatunga ku Mozambiki? Phala la ana lipsa liti?” Ndikapeza adokowe ali phee m'msipu, akutola ziwala ndi mbozi, mtima unkakhala pansi mpaka madzulo. Tsiku limene anasamukira ku dambo la mudzi wina, ndinayenda ulendo wonsewo ndikulira mpaka nditawaona.

Atate anali atandiuza kuti adokowe amatsata chakudya, ndipo kuno amadzera ziwala ndi mbozi za m'dzinja. Choncho pamene mpingo wonse unkagwada Lamulungu kupempha Mulungu kuti achotse mbozi m'minda, ine ndinkagwada pakati pawo, maso nditatsinzina zolimba, ndikupempha kuti ziwala zisathe. Ndinkati Iye amene amadyetsa mbalame zosafesa ndi zosakolola angathe kuzidyetsa pano chaka chonse, kuti zisaone chifukwa chochokera. Dalitso naye ndinamuphunzitsa, ankagwira ziwala m'kachitini n'kukazikhuthula m'mphepete mwa dambo, akuitana ndi kamawu kake kuti, “Bwerani mudye, musapite!” Mbalamezo zinkangosendera patali, osatisamala.

Atate anayesa njira imene ankaidziwa. Anapita kwa akulu a mpingo, ndipo akuluwo anabwera, nakhala ndi amalume nthawi yaitali. Anapemphera, anamwa thobwa, kenako anati nkhani ya mbumba ndi ya eni mbumba, mpingo sungathyole khomo la banja. Kuchokera pamenepo atate sanalankhulenso za nkhaniyo. Anangogwira ntchito ngati munthu amene dzuwa likumuthera. Anapalira ndi kubandira munda wonse. Anakwera padenga kukonza pamene pankadontha. Anadula nsungwi n'kuluka nkhokwe yatsopano, yaikulu kuposa yakale, akudziwa kuti amene adzathiremo chimanga si iwo. Madzulo dzuwa lisanalowe ankandikhazika pakhonde kundiphunzitsa kuwerenga Mawu, chala chawo chokhakhala chikuyenda pansi pa mzere, ndipo ndikalakwitsa sankakwiya ngati kale, ankangoti, “Bwerezanso, mayi, nthawi ilipo.” Tonse tinkadziwa kuti palibe.

Chimanga chinamasula, ngaiyaye zinauma, tinayamba kudya dowe ndi maungu. Mvula inayamba kutalikirana. Ndiye m'mawa wina, dzuwa litakwera ndipo nthaka itayamba kufunda, ndinaona adokowe atasonkhana pamodzi pakati pa dambo, osadya. Mmodzi anatambasula mapiko, ena namutsatira, ndipo gulu lonse linanyamuka. Sanauluke molunjika. Anayamba kuzungulira, mapiko ali chitambasulire osakupiza, akukwera, akukwerabe, mpaka anaoneka ngati timaphulusa ta udzu wopsa totengedwa ndi mphepo. Atafika pamwamba penipeni analoza kumpoto, napita. Ndinataya ndowa n'kuthamangira kumunda. Ndinapeza atate ataima pakati pa chimanga, chipewa chili m'manja, nkhope ili kumwamba. Anali ataona kale. Anaika dzanja pamutu panga, ndipo tinaima choncho mpaka m'mwamba munalibenso kanthu.

Mwambo wa kusudzula sunatenge nthawi. Abale anakhala pamphasa, amalume anathokoza atate chifukwa chosunga bwino mlongo wawo, nanena kuti tsopano ndi omasuka, palibe mlandu. Atate anamanga panjinga khasu, nkhwangwa, bulangete ndi buku lawo la Mawu. Zina zonse zinatsala, chifukwa zinali za pamudzi. Dalitso, poona njinga, anakwera pakaliyala akuganiza kuti ndi ulendo wa kumsika, ndipo amalume ndiwo anamutsitsa, iye akumenya miyendo. Ndinaona maso a amalume ali ofiira, ndipo ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti anali munthu wouma mtima. Atate anagwada kuti nkhope yawo ilingane ndi yanga. “Adokowe akadzabwera, udzayang'ane kunjira,” anatero. Anakankha njinga osakwera mpaka anakhota pa mtengo wa mkuyu, ndipo sanacheuke. Ndinawakwiyira chifukwa chosacheuka. Ndinadzamvetsa nditakhala ndi ana anga.

Lonjezo anasunga. Mvula yotsatira itagwa, adokowe atatera, sipanapite nthawi ndinaona njinga ikutulukira pa mkuyu, atate atawonda, matope mpaka m'mawondo. Koma m'nyumba yathu munali mutalowa amayi aang'ono ndi amuna awo, mkamwini winanso. Atate anatsamiritsa njinga pa mango amene anadzala okha, nayenda mpaka pa chitseko chimene anasema okha, naima. Kenako anawomba m'manja n'kunena kuti, “Odi.” Mawu amenewo, a mlendo wopempha kulowa, ndinawamva ngati munthu wandiponda pachifuwa. Amayi aang'ono anatuluka ndi kampando ka alendo, nawakhazika panja. Mango anali mbwee pansi, koma atate sanatole ngakhale limodzi mpaka atawapatsa m'mbale. Anagona kwa mkulu wa mpingo, nacheza nafe masiku ochepa, nabwerera.

Chaka chinacho anabweranso chimodzimodzi. Koma chaka chotsatira adokowe anadzaza dambo, ine ndinayang'ana kunjira mpaka chimanga chinafika m'chiuno, osaona njinga. Uthenga unabwera ndi bambo wina wogulitsa nyemba wochokera kumbali ya kwawo, amene anaunena mongodutsa, akuganiza kuti tikudziwa kale: a Mbewe anamwalira m'nyengo yozizira, ndi chifuwa, ndipo anaikidwa kwawo. Pamene ine ndinkaima pa mkuyu kuwadikira, udzu unali utamera kale pamanda awo.

Lero ndimakhala pa boma la Katete, ndipo tsitsi layamba kuyera. Mwana wanga wamkazi, amene anapita patali ndi sukulu, anandiuza kuti adokowe aja akachoka kuno amapita kumaiko a kumpoto, kufupi ndi chipululu, kumene mvula imayamba pamene yathu ikutha. Kumeneko ndiko amamanga zisa, m'mitengo ya m'midzi ngakhale pamadenga a nyumba, ndipo anthu akumeneko nawonso amawalandira ngati obweretsa mvula. Dokowe amaswa ana kwawo, ndipo ana akakula amauluka nawo ulendo wonsewo. Atate anamanga chisa kuchilendo, ndipo pochoka anauluka okha.

Amalume sindiwatemberera. Anatilera, sitinagone ndi njala, ndipo munda wa amayi ulipo, Dalitso ndiye akulima. Zimene ankaopa zinali zoona. Mwambowo nawo ukutha, ambiri masiku ano amatenga ana awo popanda wowaletsa. Koma dambo lija lauma, lasanduka madimba, mitengo ya m'mphepete inapita ndi makala, ndipo m'minda anthu amapopera mankhwala mpaka chiwala chimasowa. Adokowe akabwera amakhala owerengeka, zaka zina ndimangowaona akudutsa m'mwamba pamwamba pa msewu waukulu, osatera. Komabe mvula yoyamba ikagwa ndimatuluka panja, ndipo maso amathamangira okha kunjira.

Pemphero langa la ziwala Mulungu sanaliyankhe, ndipo ndinasiya kumufunsa chifukwa chake. Ndinaphunzira kuti tonse pansi pano ndife alendo ndi ogonera, ngakhale amene timadzitcha eni mudzi. Chimene ndagwira ndi manja awiri ndi lonjezo lakuti kuli mudzi wina umene malo ake Mulungu anatikonzera kale, kumene munthu sasudzulidwa. Ndikamagwada m'chalichi sindipempha zambiri za kumeneko. Ndimangopempha kuti ndikadzafika ndidzapeze atate ali m'kati mwa nyumba, atakhala pansi ngati mwini wake, ndipo pa chitseko chimenecho asadzanenenso kuti odi.