Tsiku limene ndinaimitsa mlatho

Dzulo ndinaona namasupuni akuyandama pansi pa mlatho wa ku Mangochi, ndipo ndinangozindikira kuti dzanja langa lagwira kale chitsulo cha m'mbali.

Ndili mwana ndinali wamanyazi kwambiri, moti zonena zanga zinkathera m'kope. Tsiku lina tikupita kwa achibale ku Chiponde, azakhali anaima pamlathopo kuti amange bwino chitenje. Ine ndinasuzumira pansi, maso n'kukakamira pa namasupuni. Mwadzidzidzi madzi anaima, mlatho n'kuyamba kuyenda kulowera kunyanja, pamodzi ndi anthu, njinga ndi mbuzi zomwe!

Palibe wina anaziona. Ndinadziwa kuti ndikakhala chete tonse tikamira. Ndinasendera kwa msilikali amene anaima pafupi, n'kugwada.

"Pepani bambo, mlathowu wazuka. Tikupita."

"Tikupita kuti, iwe?" Anasuzumira akuseka. Posakhalitsa kuseka kunatha, nayenso n'kugwira chitsulo ndi manja onse awiri. "Aaa, koma zoonadi!"

"Abwana, ndi yunifolomu yonseyi mukuopa madzi?" anatero azakhali, kenako n'kutembenukira kwa ine. "Asiyatu, tayang'ana mgwalangwa uwo kutsidyako."

Nditauyang'ana, mlatho unaima nji, madzi n'kuyambanso kuyenda. Basi, ndauimitsa ndi maso anga! Ndinawoloka osaphethira, misozi ili chuchuchu, kuti anthu onse afike bwino. Ndinapunthwa, ndinagunda mayi wogulitsa nthochi, koma mtengowo sindinausiye.

Palibe amene anandithokoza. Lero ndikudziwa kuti chimene maso akakamirapo ndicho chimaoneka choima, komabe ndikamawoloka ndi ana anga, pansi sindiyang'ana.