Mbuzi Yokha Ndiyo Inaoneka

Mwana wathu woyamba atabadwa, ine ndinali ku Limbe, kumene ndinkagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo. Ndinabwereka kamera kwa mnzanga, tija ting'onoting'ono ta dijito, n'kukwera minibasi, kenako kabaza mpaka kwawo kwa mkazi wanga ku Mbombwe. Mnzangayo anangoti, "Uisiye pachizindikiro chobiriwiracho, imadziwa yokha chochita." Nanga ine za makamera ndikanazidziwira kuti?

Ndinapeza mayi ndi mwana ali m'chikuta. Mchombo unali usanagwe, ndiye zotuluka naye panja panalibe. Nyumba ya apongozi anga inali ndi kawindo kamodzi, nakonso kotseka ndi katoni chifukwa cha chiperoni. Nditangodina, kamera inang'anima ngati mphezi, mwana n'kudzidzimuka.

"Bambo, mumuwononga maso mwanayu," anatero apongozi. "Chimoto chanucho zimitsani."

Apongozi sulimbana nawo. Ndinafufuza kabatani kake mpaka ndinazimitsa. Kuti m'nyumba muwaleko ndinatsegula chitseko, mkazi wanga n'kukhala pamkeka chapakhomo, mwana ali m'manja, dzuwa lili kumsana kwake. Ndinajambula kangapo. Pakagalasi ka kamera zinkaoneka zakuda, koma ndinati mwina n'kuchepa kwa kagalasiko.

"Akatuluka m'chikuta ndidzamujambula bwino padzuwa," ndinawauza, n'kubwerera kuntchito.

Sanatuluke. Anatentha thupi, ndipo asanafike naye kuchipatala anali atatisiya. Khanda lotere kwathu salilira maliro. Amayi okhaokha ndiwo amakaliika, amuna sapitako. Mmene ndinkafika zonse zinali zitatha. Ngakhale dzina tinali tisanamupatse.

Kamera ija ndinapita nayo kusitudiyo ina ku Limbe. Mwini wake anaika zithunzizo pakompyuta, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, kamera mukaisiya kuti izidziyendetsa yokha, imatengeka ndi pamene pawala kwambiri. Inaona dzuwa la pakhomopo n'kuyesa kuti kuwala kwakwana. Inuyo ndi amene mukanafulatira khomo, mayiwa n'kuyang'ana kunja."

Kungosinthana malo basi. Ndinawachonderera kuti ayeseko kukonza. Anawonjezera kuwala, chithunzi n'kudzaza timadontho ngati mchenga. Maluwa a pachitenje anatuluka, dzanja la mkazi wanga linatuluka, koma pamene panali nkhope ya mwana panangoti mbuu. Chonsecho kunja kwa khomo mbuzi ya apongozi, yomangirira pamtengo wa mango, inkaoneka bwinobwino mpaka ndevu ndi chingwe chomwe. Kuseri kwake munda wa nandolo, tsamba lililonse likuwerengeka.

Ndinatsukitsabe chimodzi. Zimandiwawa mpaka lero, sindinama. Mkazi wanga amati mwanayo anatenga chipumi changa, ine ndimangovomera. Ndinamuona masana amodzi okha, mumdima, ndipo nthawi yambiri maso anga anali pakamera. Nkhope yake inandithawa kalekale.

Chaka chatha mwana wathu wamkazi, amene anabadwa pambuyo pake, anachipeza chithunzicho pansi pa zovala m'sutikesi.

"Ababa, chithunzi cha mbuzi mukusungiranji?"

Ndinamukhazika pamwendo, n'kuika chala pakuda paja. "Achimwene ako ali apa."

Anachibweretsa pafupi ndi maso, kenako anapita nacho pakhomo pamene pankawala. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kutembenuka.

"Pati?"