Chala cha a Warwick

A Noeline Tregoning anayamba ntchito pa yunivesite ina ku Adelaide tsitsi lili bii, napuma lili mbuu. Ankafufuza za maganizo a munthu: zimatheka bwanji kuona m'mutu chinthu chimene sichili pamaso pako? Koma anzawo ankawadziwa ndi zina. Ndiwo ankaphika tiyi, kutsuka makapu, kukachingamira alendo ku bwalo la ndege ndi kutonthoza ophunzira olira.

Lachinayi linali tsiku la mtsutso. Mmodzi ankawerenga zimene wafufuza, ena n'kumamvetsera. Wokweza dzanja ankadikira kumapeto. Wokweza chala chimodzi, kusonyeza kuti kafunso kake n'kakang'ono, wapampando ankamulola kudula mawu pomwepo. A Warwick Pascoe, pulofesa wamkulu, dzanja sankalidziwa. Chala basi. Kafunso kawoko kankadya nthawi yonse, moti a Noeline sanafikepo kumapeto kwa pepala lawo ngakhale kamodzi.

Linafika Lachinayi lomaliza la a Noeline asanapume pa ntchito. Kulephera tsikulo, ndiye kuti mfundo ya moyo wawo wonse apita nayo kunyumba munthu osaimva.

"Noeline, mathero timva lero, kapena adzatiwerengera pamaliro ako?" anatero a Warwick, keke ili tho m'kamwa.

"Pukutani ndevu, akuluakulu. Keke ndaphika ndine, koma kukusambitsani ayi."

Ataimirira kutsogolo, a Noeline anati, "Tiyambe ndi kafukufuku. Nonse tsinzinani, muone m'mutu khitchini ya kwanu. Inunso apampando. Wotsegula maso wawononga zonse."

Anthu a filosofi ngati amenewa, akatswiri a kuganiza mozama, amatsutsa chilichonse, koma kuwononga kafukufuku amaopa. Onse anatsinzina, a Noeline n'kuyamba kuwerenga.

Posakhalitsa chala cha a Warwick chinatumphuka ngati bowa. Wapampando, ali chitsinzinire, sanachione. Chalacho chinagwedezeka, chinakwera, mwini wake anatsokomola.

"Mukutsokomolanu," anatero a Noeline, "m'khitchini mwanumo potsukira mbale pali mbali iti?"



"Sindikupaona," anavomera a Warwick.

"Funafunani, bambo. Mukapapeza mutiuze."

Ena anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedera. A Noeline anapitiriza mosathamanga, tsamba ndi tsamba, mpaka chiganizo chomaliza. Anachibwereza poti chinawakomera m'kamwa. Kenako anakhala pansi mwakachetechete, n'kuwasiya anthu aja ali chitsinzinire kwa kanthawi.