Thanki ya lole ya bambo

Mwaswera bwanji nonse.

Kalole ka malata ndikupanga kaja, kofanizira lole ya malemu bambo, lero kandichititsa manyazi kuno ku Yeoville komwe ndikukhala. Madala ena, omwe kale anali dalaivala, akatembenuza n'kuyamba kuseka. Akuti, "Mwana wanga, thanki waika m'mbali ngati thiraki ya masiku ano? Pa malole akalewo inkakhala kuseri kwa mpando, chotsekera chake pafupi ndi chitseko."

Ndimati nditsutse, koma ndakumbukira jekete la bambo lija. Mayi ankachapa kawirikawiri, fungo la petulo osachoka!

Madalawo alonjeza kundijambulira thankiyo papepala Loweruka, ndiye kaloleko kadzakhala katatha ndisanabwere kudzamanga chiliza cha bambo.

Achemwali, inu ndi amene munkakwera kutsogolo. Simunkamva petulo akugwedezeka kumsana kwanu?