Chipolopolo Chachisanu cha a Orrin

A Orrin Stahlman anakalamba akuyendetsa lole yotenga mkaka m'mafamu a kumapiri a Pennsylvania, ndipo pa ntchito imeneyo amene amawakumbukira ndi agalu okha. Koma mukatchula kalabu ya mfuti ya m'chigwa mwathu, aliyense amayamba ndi dzina lawo. Ndiwo ankatchetcha bwalo, ndiwo ankakhoma mapepala a chandamale, ndiwonso ankagwedeza chitini cha khofi chimene anthu ankatolamo manambala a matebulo. Mpikisano wa mu Seputembala ankausamala ngati mwana wawo.

Anthu osadziwa amaseka masewerawa. Amati ndi kuwombera kwa alesi, poti munthu amakhala pampando, mfuti itagona pa timatumba ta mchenga pamwamba pa thebulo la simenti. Alekeni aseke. Cholinga si kulasa pakati pa chandamale ayi, koma kuti zipolopolo zisanu zidutse pabowo limodzi, patali poti pepalalo umangoliona ngati sitampa. Mfutiyo suigwira n'komwe. Umaika diso pagalasi loonera patali, nsonga ya chala n'kukhudza kachitsulo kokhethemulira, kopepuka moti ntchentche yonenepa ikhoza kuwombera. Mdani wako ndi mphepo, n'chifukwa chake bwalo lonse limadzala timbendera ta michira yaitali.

Pa nkhani ya mphepo, a Orrin anali munthu wina. Ena tonse tinkayang'ana timbendera. Iwo ankayang'ananso udzu, utsi wa kukhitchini, ngakhale mmene kutentha kukuvinira pamwamba pa nthaka. Ndinawaonerapo akudikira anzawo onse atatsiriza, nthawi ikutha, iwo phee ngati chitsa, kenako n'kuwombera zisanu zondondozana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mkuluyu anali nako kudekha koopsa.

Analinso ouma mtima pa chinthu chimodzi. Mfuti ikalira mwini wake asanafune, munthuyo ankalongedza n'kumapita. Mlamu wawo weniweni anamubweza chaka china chakudya chamasana chisanapse. "Mfuti yolira yokha ilibe mwini," ankatero, "ndipo pabwalo langa sipabwera mfuti yopanda mwini."

Chakudza sichiyimba ng'oma. Nyengo yozizira ina, dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Poyamba ndi supuni imene inkagogoda mbale, kenako khofi anayamba kutayikira pa malaya. Akazi awo, a Verna, amene ankaphika nyemba za nyama ya nkhumba pa mpikisano uliwonse, anapirira mpaka chipale chofewa chitasungunuka, n'kulankhula.

"Orrin, mwabweza anthu angati pabwalo paja? Nanga inu adzakubwezani ndani?"

"Ndidzadzibweza ndekha."

"Liti? Mukadzabowola denga?"

A Orrin anayang'ana dzanjalo likuvina pathebulo. "Kunjenjemeraku kumabwera n'kupita ngati mphepo. Ndimakumva kukamabwera. Koma tsiku limene mfuti idzalire ndisanaitume, ngakhale kamodzi, ndidzakupatsa m'manja chotsekera chake, chitsulo chija chimene mfuti siilira popanda icho, osadzawomberanso."

A Verna anavomera, chifukwa mwamuna wawo sanali wobweza mawu. Chilimwe chonse mkuluyo anaphunzira kudikira mphepo ziwiri, ya pabwalo ndi ya m'dzanja mwake. Ankawombera pokhapokha zonse ziwiri zitagona, ndipo mipata yotere inali yochepa.

Tsiku la mpikisano kunacha ndi kamphepo kachinyengo, kolowera kumanzere kenako n'kutembenuka osatsanzika. Magalimoto anadzaza msipu wa kuseri. A Orrin anagawa matebulo, n'kupereka udindo woitana magulu owombera kwa munthu wina kuti nawonso awombere. Pafupi nawo panakhala a Lyle Brubaker, mnzawo wa kusukulu, munthu woti pakamwa pake sipatseka ngakhale m'tchalitchi.

"Iwe Orrin, ndi dzanja limenelo ukanangopita kukathandiza Verna kuthira mchere m'nyemba."

"Ndi dzanja lomweli ndikukwapula lero."

"Ukalasa ng'ombe ya eni ake kuseri kwa phiri, ine sindikudziwa."

"Iwe lasa pepala lako lokha. Chaka chatha unathandiza kubowola langa."

Woitana anafuula kuti ayambe. Mfuti zinalira mzere wonse. A Orrin anayika dzanja pabondo, maso pa timbendera. Michira itagwa pang'ono kumanzere, dzanja nalo litagona, anakweza chala. Choyamba chinabowola pepala. Chachiwiri sichinaoneke kumene chapita, ndipo pamasewera amenewa ndiye nkhani yabwino imeneyo. Chachitatu chimodzimodzi. Chachinayi chitalira, bowo linali lomwe lija, lozungulira bwinobwino ngati pagwa dontho limodzi la inki.

A Lyle anali atatembenuzira galasi lawo pa pepala la mnzawo. Amene anatsiriza anayamba kuima kumbuyo mwakachetechete, ena atavula zipewa osadziwa kuti avula.

Ndiye mphepo inatembenuka. Timbendera tonse tinaloza kumanja, michira ili tololo m'mwamba. Kuwombera mumphepo imeneyo kunali kutaya chipolopolo kutali ndi zinzake. A Orrin anadikira. Woitana anachenjeza kuti nthawi yatsala pang'ono. Anadikirabe, diso pagalasi, chala chili pafupi ndi kachitsulo kaja kuti mpata ukapezeka asachedwe. Anamva kunjenjemera kukuyambira m'chigongono, kukutsika. Anati achotse chala.

Mfuti inalira.

Mtima wawo unagwa. Koma nthawi yomweyo, ngati wina watseka chitseko kumwamba, timbendera tonse tinagwa pansi zii. Mphepo inali italeka. Anasuzumira pagalasi, ndipo papepala panalibe bowo lachiwiri.

Onse pabwalo anasuzumira m'magalasi awo. Kenako phokoso linabuka. Oyeza anabweretsa pepalalo atalinyamula ndi manja awiri, pamodzi ndi pepala lina limene limayenda pang'onopang'ono kuseri kwa chandamale kuti liwerenge zipolopolo. Limenelo linali ndi mabowo asanu. La kutsogolo linali ndi limodzi. Anayeza, n'kuyezanso, woyezayo n'kupukuta magalasi ake a m'maso. Chikhazikitsire kalabu yathu sipanaoneke chinthu chotere. Ine ndinaliona bowolo ndi maso angawa. Amuna akuluakulu anafola mzere kuti alione, wina aliyense akafika n'kungopukusa mutu.

"Orrin," a Lyle analankhula motsitsa mawu, nthabwala zonse zitawathera, "unawombera pamene timbendera tinali tisanagwe. Ndakuona ine. Unadziwa bwanji kuti ileka? Ndiwe munthu iwe?"

A Orrin anangomwetulira pang'ono. Anasolola chotsekera m'mfuti monga lamulo linenera, n'kuchikulunga m'kampango ka m'thumba, nanyamuka kulowera kukhitchini. Anthu anawapatukira njira.

A Verna anali okha, akutakasa nyemba. Phokoso analimva, nkhaniyo inali itawapeza kale, ndipo nkhope yawo inali yowala. Koma atayang'ana mwamuna wawo, anasiya chikombe.

"Akuti zisanu pabowo limodzi."

"Zinayi n'zanga."

"Nanga chachisanu?"

"Sindinachitume."

Anatambasula dzanja lonjenjemeralo, kampango kali pamwamba. A Verna, amene anakhala miyezi akupempherera tsiku limeneli, anabisa manja awo kumbuyo. Anamva chisoni chimene sanachiyembekezere.

"Orrin, chinapita kuchandamale, nthawi isanathe. Simunaphwanye lamulo la kalabu. Onse aja akuti munaiona mphepo isanafike. Palibe amene waona kanthu."

"Ndaona ine."

"Lero lokha? Tsiku ngati ili?"

"Lero chalowa pabowo, Verna. Mawa sindikudziwa kumene chidzalowe."

Panja a Lyle anali akufuula kuti katswiri atuluke ajambulidwe. A Verna anapukuta manja pa epuloni, nalandira kampangoko. Chitsulocho chinali chidakali chofunda. A Orrin anaima pang'ono, dzanja lopanda kanthu likugunda pantchafu pawo, kenako anatuluka kukaitana gulu lotsatira kuti likhale pamatebulo.