Tsiku Limene Tinajambula Zithunzithunzi pa Mtakataka

Chingwe chija chinali cha khonje, chokhala ndi mfundo pa mita iliyonse, ndipo chinkanunkha mbuzi. Eni ake anali aphunzitsi athu a Sitandade 5, bambo woonda wa ku Mua amene anali atangofika kumene pasukulu pathu. Ankakonda kunena kuti masamu sakhala m'buku, amakhala panja.

Lachisanu lililonse ankatindandalika awiriawiri mpaka pa Mtakataka. Tinkayeza makonde a magolosale, kuzunguliza chingwe pa mlambe wa pasiteji, kuwerenga maminibasi opita ku Salima n'kuchotsera opita ku Balaka. Yankho tinkalilemba ndi choko pomwepo, pakhoma kapena paphula. Ine kuchulukitsa ndinakumvetsa pakhoma la telala, nditawerenga njerwa za mzere umodzi n'kuzindikira kuti zinazo sindifunika kuzigwira ndi chala.

Tsoka lake, chilimwe chimenecho ndi chimene kunamveka za opopa magazi. Ankati amayamba aika chizindikiro panyumba, kenako n'kubwera ndi mapaipi. Panalibe amene anawaonapo, koma aliyense ankadziwa wina amene anawaona. Kwathu amayi ankatsamiritsa mtondo kuchitseko, ndipo ine ngakhale udzudzu ukandiluma ndinkayang'anitsitsa pabalapo.

Lachisanu lina aphunzitsi anati tiphunzira za zithunzithunzi. Aliyense ankaima m'mphepete mwa msewu dzuwa lili kumsana, mnzake n'kujambula mozungulira chithunzithunzi chake, kuchiyeza, n'kulemba nambala pachifuwa. Tinkaseka poona miyendo yathu itatalika ngati ya kakowa. Titamaliza, pansi panali patagona mzere wa ana oyera, opanda nkhope, aliyense ndi nambala yake. Lero ndimati munthu wamkulu anayenera kuona mmene zinkaonekera. Koma aphunzitsi ankangoona masamu.

Mayi wina wogulitsa mandasi ndiye anayamba kukuwa. Posakhalitsa anyamata a kabaza anasiya njinga zawo, ogulitsa usipa anasiya mabenchi, ndipo tinapezeka tili pakati. Kutsogolo kwa gululo ndinaona amalume anga. Mwezi womwewo anali ataika mwana wawo wakhanda, amene kuchipatala anati magazi anamuthera. M'manja anali ndi chibenthu cha njerwa.

“Ana athuwa mukuwayezera ndani?” anafunsa amalume. Mawu awo sanali amene ndinkawadziwa.

Aphunzitsi anatikankhira kumbuyo kwawo, tonse n'kuunjikana pakhoma la golosale. Khomalo linkaotcha kumsana. Ndimakumbukira fumbi m'kamwa, fungo la nsomba zouma, ndi mkodzo wa mnzanga ukuyenderera pa chala changa chaphazi. Kumbuyo kwa gulu wina anatchula petulo. Choko chimene chinali m'dzanja langa ndinachifinya mpaka chinaphwanyika, poopa kuti akachiona adziwa kuti nanenso ndajambula nawo.

Sindikudziwa amene anakauza amayi kumsika. Ndinangoona akudutsa pakati pa anthu, chitenje chili m'manja. Sanalankhule ndi gulu. Anaima pambali pa aphunzitsi, maso ali pa amalume.

“Achimwene, njerwayo ikaphonya igwera mwana wanu uyu,” anatero akuloza ine.

Apo aphunzitsi anagwada paphula lotentha lija. “Pepani makolo, ndalakwa ndine. Ndikanayamba ndakupemphani.” Anavula shati yawo yoyera, n'kuyamba kufufuta zithunzithunzi zija chimodzichimodzi, akukwawa ndi maondo. Nthiti zawo zinkaoneka, thukuta likudontha pachibwano. Changa chinali chakumapeto, ndipo ndinaona nambala yanga ikusanduka fumbi. Amalume anayang'ana njerwa ija ngati wina wangowapatsira, anaiponya mu ngalande, n'kukhala pansi atagwira kumaso. Gulu linayamba kutha pang'onopang'ono, wina kunjinga yake, wina kubenchi lake.

Sitinapitenso pa Mtakataka Lachisanu. Masamu anabwerera pabolodi, ndipo kwa masabata angapo aphunzitsi ankayenda motsimphina, mabala a m'maondo akumatirira ku thalauza. Galimoto ikaima pafupi ndi sukulu, choko chinkaima m'dzanja lawo mpaka aimve ikunyamuka.

Ine ndinawakwiyira. Munthu amene ankadziwa kutalika kwa mlambe osaukwera, angagwadire bwanji anthu pa chinthu chimene sanalakwe? Ndinasiya kukweza dzanja m'kalasi mwawo. Nditafunsa amayi chifukwa chake anapepesa, anangoti, “Udzamva ukadzakula.”

Ndinkaganiza kuti anagwada chifukwa choopa kufa. Mwina ankaopadi. Koma sindinkadziwa kuti munthu akaimirira, miyala yomuphonya imapitirira kumbuyo kwake, ndipo kumbuyo kwawo kunali ife.