Vayolini M'shopu Yometera

Ntchito yometa ndinaipeza kudzera mwa alamu anga, nditatopa ndi kuyendayenda pa Malomo ngati nkhuku yofuna poikira. A Mbewe, eni shopu, anandionetsa mashini ometera, zipeso zake, sipiriti wopukutira, burashi, batire ya sola ndi sipika. "Sipikayi ndiye imaitana makasitomala," anatero. "Izilira mpaka kudepoti."

Vuto linali makutu anga. Kusukulu ya mishoni, aphunzitsi oimba limba kutchalitchi anandiikira mufoni nyimbo zakalekale za ku Ulaya, za piyano ndi vayolini, zopanda mawu. Ine mtima wanga sukhazikika, ndipo phokoso likachuluka dzanja limathamanga, mzere wa pachipumi n'kukhota. Koma nyimbo zimenezi zikamalira ndinkameta bwino.

Nditaziika pasipika koyamba, mayi wogulitsa tomato anabwera kudzafunsa amene wamwalira. A kabaza anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Mbewe sanaseke. "Ukadzaikanso za malirozi, ubwerere kwa alamu ako."

Tsiku lina la msika, a Mbewe atapita kukagula sipiriti, kunalowa bambo wachikulire, jekete lakuda, maso ofiira. Anati ndiwamete mpala. Anali ataika akazi awo masiku apitawo. Sipika inali pakalapakala ndi nyimbo ya chikondi chokoma. Ndinaona khosi lawo likuuma pansi pa nsalu. Ndinachotsa chipeso, n'kupukuta mano a mashini, n'kupukutanso, maso ali kumsewu. Ntchito ndinkaifuna, kwathu kunalibe china. Komabe ndinasintha nyimbo.

Vayolini atayamba, mapewa awo anatsika. Ndinameta kuchokera kunkhongo kukwera, pang'onopang'ono, imvi zikugwera pansalu. Ndili pakati pa mutu, a Mbewe anatulukira pakhomo, nkhope itasintha, dzanja lalunjika kusipika.

"Isiyeni, mwanawanga," anatero bambowo osatembenuka. "Ilibe mawu iyi. Ndikuikamo anga."

A Mbewe anaima, botolo lili m'manja, mpaka ndinamaliza. Bambowo atatuluka, ndinayamba kupinda nsalu, ndikudikira mawu ondithamangitsa. Iwo anangoti, "Sesa tsitsilo," n'kubwezera nyimbo zawo.

Lero ndili ndi shopu yanga ku Dowa, ndipo a kabaza akumanenabe kuti kwa ine kumakhala maliro tsiku lililonse. Aziseka. Munthu akakhala pampando, ndimayamba ndaona khosi lake ndisanakhudze sipika.